Dzimbiri Lobisika Kuseri kwa Gudumu

Munthu akagula galimoto m'dziko lathu lino, kaya ndi Sienta yoti azinyamulira anthu pakati pa tauni ndi kumudzi, kaya ndi Vitz ya mayi wa muofesi amene wakhala akusunga ndalama kwa zaka zambiri, abale ndi anansi amene amasonkhana kudzaiona amafunsa za injini, za m'mene imamwera mafuta, za chaka chimene idapangidwa ndi za liwiro limene ingathamange pamsewu wa M1; koma mwa onsewo simudzamva ngakhale mmodzi akufunsa za chinthu chimene chidzaimitse galimotoyo tsiku limene mwana wa sukulu adzadumphira mumsewu modzidzimutsa. Chinthucho chili kuseri kwa gudumu, kumene maso safikako pokhapokha munthu atagwada, ndipo amakaniko amachitcha kalipa. Ndafuna kuti lero tikambirane za dzimbiri limene limachidya, pakuti ndikhulupirira kuti pa nkhani imeneyi ambiri a ife timaopa dzimbiri losayenera kuopedwa ndi kulekerera limene likadayenera kutisowetsa tulo. Ndiponso kuti mlandu wa kulekerera kumeneku, umene timakonda kuukankhira kwa amakaniko, mbali yake yaikulu ili pa ife eni magalimoto.

Tiyambe taona kapangidwe kake, chifukwa palibe mfumu imene imagamula mlandu isanamve chiyambi chake. Gudumu lakutsogolo la pafupifupi galimoto iliyonse yaing'ono limazungulira pamodzi ndi mbale yachitsulo, ndiyo disiki, ndipo kalipa idakhala chokwera m'mphepete mwa mbaleyo itafumbata mapadi awiri, ina mbali ino, ina mbali inayo. M'mimba mwake muli pisitoni. Dalaivala akaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha pisitoniyo, pisitoni nikankha padi ya m'kati. Ndipo popeza kalipa yonse imasereseka pa mapini awiri opakidwa girizi, imadzikoka yokha nibweretsa padi yakunja kuti nayonso ikanikize, kotero kuti disiki imapanidwa uku ndi uku. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Frederick Lanchester wa ku Birmingham adailembetsa m'chaka cha 1902, idatchuka pamene galimoto ya Jaguar yokhala ndi mabuleki otere idapambana mpikisano wa ku Le Mans mu 1953, ndipo Citroën DS ya mu 1955 ndi imodzi mwa zoyamba zimene zidaifikitsa kwa ogula ambiri. Chimene akatswiri adaikondera n'chakuti disiki ili pamtetete, pamene mphepo imaiziziritsa msanga. Koma pamtetete pomwepo ndi pamene matope a mu Januwale, madzi a m'zithaphwi ndi fumbi la mu Okutobala zimaipeza.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndikadakonda kuti mwini galimoto aliyense achisunge mumtima, pakuti nkhani yonse yatsamira pamenepo. Mphamvu yotulutsa pisitoni ndi yaikulu koposa, chifukwa phazi la munthu limathandizidwa ndi mpweya wokokedwa ndi injini, ndipo mafuta otsekeredwa m'mapaipi amaichulukitsanso. Koma mphamvu yoibweza ndi yochepa zedi, popeza m'kalipa mulibe sipuling'i yoikokera m'mbuyo. Chimene chimaibweza ndi sili, mphete ya mphira imene yazinga pisitoniyo, imene imapindika pang'ono pisitoni ikamatuluka, ndipo phazi likachoka pa buleki imawongoka nibweza pisitoni kamtunda kosafika ngakhale theka la milimita. Chifukwa chake dzimbiri likalowa m'menemo, choyamba kufa ndi kumasula. Kugwira kumapitirira masiku ambiri, ndipo dalaivala amene akuona kuti galimoto yake ikuima akaponda amakhala ndi mtima wokhazikika, osadziwa kuti gudumu limodzi lakhala likuyenda chopanidwa kuyambira sabata yatha.

Dzimbiri limene anthu amadandaula nalo ndi lija looneka, lofiirira, lokuta msana wa kalipa, limene limasuzumira pakati pa mipata ya limu galimoto ikangotsukidwa. Limenelo, kunena mosapsatira, ndi laulesi. Makalipa ambiri adapangidwa ndi chitsulo chosungunula chochindikala kwambiri, chimene chingachite dzimbiri la pamwamba zaka makumi awiri osafooka. Chimodzimodzinso disiki imene yafiira m'mawa mvula itagwa usiku imayera yokha dalaivala akaponda buleki kangapo. Anyamata a masiku ano amakonda kupala makalipa ndi kuwapaka penti wofiira kapena wachikasu kuti azinyezimira pa siteji, ndipo ine sindiwaletsa, malinga pentiyo akhale wopirira kutentha, asakhudze mphira, mapini, kapena nkhope ya disiki. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wogula galimoto kwa mnzake, akaona kufiira kumeneko, amayesa kuti mabuleki ndi atsopano, pamene akuluakulu adatichenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Dzimbiri loopsa lili ndi malo atatu obisalamo. Limalowa m'mapini pamene timalabala towaphimba tang'ambika, girizi nasanduka phala la matope, kufikira pini imene idayenera kusereseka ndi chala chimodzi ifuna nyundo kuti ituluke. Limalowa pakamwa pa pisitoni, kuseri kwa labala woteteza fumbi, nilidya chitsulo chosalala cha pisitoniyo kufikira chichite timaenje. Ndipo limamera pansi pa tizitsulo topyapyala timene makutu a mapadi amatsamirapo, kumene pafupifupi palibe amene amayang'anako. Pamalo onse atatuwa choipa chake n'chimodzi: chitsulo chikasanduka dzimbiri chimatupa, chimafuna malo ochuluka koposa amene chidali nawo, ndipo m'kalipa, momwe mipata yake ndi yopimidwa mosamala, mulibe malo oti chitupiremo. Mapini akauma, kawirikawiri padi ya m'kati imagwira ntchito yokha nitha mpaka kufika pa chitsulo, pamene yakunja, imene ndiyo mwini amaiona akasuzumira, ikadali yonenepa ngati yogula dzulo.

Wina angafunse kuti dziko lopanda nyanja yamchere ndi lopanda chipale chofewa ngati lathu lingalitenge kuti dzimbiri lotere. Mbali ina timaligula ndi ndalama zathu pamodzi ndi galimoto. Ambiri mwa magalimoto amene ali m'misewu yathu adayamba ayenda ku Japan, ndipo kumpoto kwa dzikolo, ku Hokkaido, ku Aomori ndi m'madera ena kumene chisanu chimaundanitsa misewu miyezi ingapo pachaka, amathira mchere pamsewu kuti madzi oundana asungunuke. Kuthira kumeneku kudakula pambuyo pa lamulo la mu 1990, limene lidaletsa matayala okhala ndi timisomali chifukwa cha fumbi limene ankapala pa phula m'mizinda ngati Sendai ndi Sapporo. Ku Britain, kumene abale athu ena amatitumizira magalimoto, nakonso amathira mchere m'nyengo yozizira. Galimoto yotere imatha kufika yoyera m'kati, mipando yake yosang'ambika, makilomita ake ochepa, koma kunsi kwake mcherewo udagwira kale ntchito. Ikatero imaima masabata ambiri padoko, niwoloka nyanja, niimanso pa Dar es Salaam m'mpweya wa chinyezi cha mchere, kenaka dalaivala waganyu amene sadaionepo amaithamangitsa makilomita pafupifupi 900, kutsika nayo mapiri a Tukuyu kufikira pa Songwe, popanda munthu amene wamasula gudumu ngakhale limodzi kuti aone chimene chili kuseri.

Mbali inayo ndi yathu yomwe. Kuyambira Novembala mpaka Epulo magalimoto athu amasambira m'matope, ndipo matope ouma kuseri kwa gudumu amasunga chinyontho masiku ambiri mvula itakata. Amene adawolotsa magalimoto m'madzi osefukira, monga zidachitikira ambiri m'chigawo cha kummwera pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, adathamangira kusintha oyilo wa mu injini, ndipo adachita bwino. Koma ndi angati amene adakumbukira kutsegula makalipa? Palinso kuima. Galimoto imene yakhala pa mawe miyezi itatu kudikira sipeya, kapena imene mwini wake waisiya pakhomo chifukwa mafuta asowa kapena akwera mtengo, imachita dzimbiri msanga koposa imene ikuyenda tsiku ndi tsiku, popeza kuponda buleki n'kumene kumasisita mapini ndi pisitoni, ndipo kutentha kwake n'kumene kumaumitsa chinyontho.

Koma khomo lalikulu limene madzi amalowera, limenenso timalinyalanyaza koposa onse, ndi mafuta a mabuleki eni akewo. Mafuta amenewa, olembedwa DOT 3 kapena DOT 4 pa botolo, ali ndi chibadwa chomwa chinyezi cha mumpweya. Amachikoka kudzera pa chivindikiro cha kathanki kawo, ngakhalenso kudzera m'mapaipi a mphira, pang'onopang'ono chaka ndi chaka, kufikira amene adali oyera ngati mafuta ophikira ada ngati tiyi wopanda mkaka. Madziwo amachita zoipa ziwiri. Choyamba, amadyetsa dzimbiri kuchokera m'kati, kumene bulashi singafike. Chachiwiri n'choopsa koposa: mafuta a DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 asanafike 230; koma akangomwa madzi osakwana ngakhale magawo 4 pa 100, muyeso wake umatsika kufika pa 140 kwa oyambawo ndi 155 kwa achiwiriwo. Mafuta akawira amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, kotero kuti phazi limapita mpaka pansi popanda chogwira. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuti mafutawa azikhetsedwa onse ndi kuthira atsopano pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ife chimene timadziwa n'kuwonjezera akachepa. Ndipo m'misewu ya kumidzi mudakali madalaivala amene, mafuta akawathera panjira, amasungunula sopo m'madzi nathira m'kathankimo, nafika kwawo n'kuiwala kuti adatero. Ena amathira oyilo wa mu injini kapena wa mu giyabokosi, amene amatupitsa mphira yonse ya m'mabuleki kufikira iwonongeke.

Taganizirani tsono za galimoto imene yanyamuka ku Blantyre, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kutsikira ku Thabwa ndi ku Chikwawa, kumene mtsinje wa Shire ukuyenda pa mamita pafupifupi 100 okha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 ikatsika mamita 900 oterowo, imayenera kutaya mphamvu imene ikadakwanira kuwiritsa malita pafupifupi 30 a madzi ozizira. Ina imatengedwa ndi mphepo, ina ndi injini ngati dalaivala ali wanzeru wotsika pa giya yaing'ono, koma yotsala yonse imasanduka moto pa madisiki ndi mapadi. Kalipa yabwino imagwira ndi kumasula, nipatsa disiki mpata wopuma pakati pa khona ndi khona. Kalipa youma simasula. Imafika pamwamba pa mtsetse itatentha kale ndi ulendo wa m'tauni, niwonjezera moto pa moto, ndipo kuseri kwa pisitoni yake kuli mafuta a zaka zisanu ndi chimodzi odzala madzi. Zimenezi n'zimene zimadikira munthu pa Chiweta, pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, ndi pamsewu wotsika phiri la Zomba. Ngozi ikagwa timamva mawu aja ozolowereka akuti mabuleki adaduka, ngati kuti ndi tsoka logwa kuchokera kumwamba. Koma nthawi zambiri palibe chimene chidaduka, ndipo galimotoyo ikazizira buleki imapezeka ikugwiranso.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kalipa youma imaimba, kungoti ife sitimvera. Galimoto imakokera mbali imodzi, pena poyenda, pena poponda buleki. Imalemera ponyamuka, ndipo pamalo otsetsereka pang'ono pamene kale inkagubuduka yokha tsopano imaima. Petulo amatha msanga. Limu imodzi imada ndi fumbi la mapadi koposa inzake. Pambuyo pa ulendo, munthu akayandikiza dzanja pa gudumu lililonse, osakhudza chitsulo pakuti chingamuwotche, amamva limodzi likutulutsa kutentha koposa linzake la mbali inayo, pena ndi fungo la chinthu chopserera. Ndipo pali mboni imene sinama: padi imodzi yotha pamene inzake ikadali yatsopano, kapena yotha mopendekeka, mbali ina yopyapyala mbali ina yonenepa.

Apa m'pamene ndifika pa mlandu wathu eni magalimoto. Aliyense amene adakhalapo pa benchi m'magalaja a pansi pa mtengo, kaya ku Ndirande, ku Biwi kapena ku Mzuzu, adamvapo kukambirana kwa mtundu uwu. Bwana amafika mabuleki akulira, mapadi atsopano ali m'manja, nati, "Amisiri, mungondisinthira mapadi okhawa, ndikuthamangira ku msonkhano." Mmisiri amamasula gudumu, nayesa kukankha pisitoni, naona kuti yakana, amadzutsa mutu nati, "Bwana, kalipa iyi yajama, ikufunika kuitsegula." Bwana amayang'ana wotchi, nayang'ananso mmisiri ndi diso lija lomuyesa wakuba, nati, "Inu mukufuna kundidyera ndalama basi. Galimotoyi ikuima bwinobwino." Pamenepo mmisiri, amene ali ndi ana kunyumba ndipo safuna kuti kasitomala apite kwa mnzake wa pafupi, amatenga chitsulo chachitali chomasulira matayala, nakanikiza pisitoniyo mwamphamvu mpaka ibwerere, naika mapadi, nalandira kangachepe kake. Pakatha miyezi iwiri mapadi atha, ndipo bwana uja amauza anzake kuti amakaniko a masiku ano ndi achinyengo ndiponso kuti masipeya a masiku ano ndi abodza.

Sindikana kuti amisiri osasamala alipo, ndiponso mapadi achabechabe ali mbwee m'misika. Koma tidazolowera kulipira chinthu chimene tingachigwire m'manja, ndipo timaumira kulipira ntchito imene sioneka ikatha. Chitsulo chatsopano cha m'katoni timachilipira osawiringula. Ola limene munthu wakhala chogwada akupala dzimbiri m'ngalande ya sili timaliyesa laulere, pamene m'ola limenelo ndi m'mene muli chipulumutso cha onse okwera galimotoyo. Mmisiri amene amalipidwa mofanana kaya watsuka mapini kaya sadatsuke adzaleka kutsuka, ndipo mnyamata amene akuphunzira ntchito pambali pake adzakula osadziwa kuti mapini amatsukidwa.

Ntchito yoyenera kulipidwa ili motere, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu woimirira pomwepo kuti aione. Galimoto ikhale pa zochirikiza zolimba, pakuti jeke yokha idapha anthu ambiri. Kalipa ikamasulidwa imangiriridwe ndi waya, isalendewere pa paipi yake ya mphira, imene ingathyoke m'kati kunja kukuoneka bwino. Mapini atulutsidwe, apukutidwe kufikira anyezimire, ndi mabowo ake omwe atsukidwe; pini yodyeka kapena yopindika itayidwe. Tizitsulo ta pansi pa makutu a mapadi tichotsedwe, ndipo pansi pake papalidwe ndi bulashi ya waya kapena tupa mpaka padi iziyenda ndi zala zokha. Fumbi lake lisauziridwe ndi pakamwa, chifukwa si la m'mapapo a munthu. Labala aliyense wong'ambika kapena wouma asinthidwe, pakuti kupala dzimbiri n'kubwezera labala wobooka n'kutunga madzi ndi dengu. Pa girizi m'pamene ambiri amalakwa ndi mtima wabwino: girizi wamba wa mabering'i, pamodzi ndi petulo ndi palafini zimene amakonda kutsukira zitsulo, zimatupitsa mphira ya m'mabuleki, ndipo labala wotupa amagwira pini molimba ngati dzimbiri lomwe. Pa mapini pafunika girizi wa silikoni wopirira moto. Pa sili ndi pisitoni, mafuta a mabuleki oyera, kapena girizi wofiira uja wopangidwa ndi mafuta a nsatsi, amene sadya mphira.

Potsiriza pake pamadza kuchotsa mpweya m'mapaipi, ntchito ya anthu awiri imene aliyense wodutsa pa galaja amaidziwa ndi khutu. Mnyamata amakhala pampando wa dalaivala, mmisiri ali chogona pansi, sipanala yaing'ono ili pa kanipo kotulutsira mpweya. "Popa! Popa! Gwira!" Mnyamata amaponda katatu nakanikiza, mmisiri natsegula kanipo pang'ono, mafuta akuda a thovu nathovoka kulowa m'botolo; amatseka, nafuulanso, ndipo amabwereza chomwecho kufikira otuluka akhale oyera opanda thovu, akuyang'anira kuti kathanki kasaume. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wanyowetsa kanipoko ndi mafuta osungunula dzimbiri nadikira, chifukwa n'kobooka m'kati ndipo kakauma kamathyoka mosavuta. Pamenepa kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bwana woyang'ana wotchi ndiye amathyoletsa kanipo. Mafuta othira akhale a mtundu wolembedwa pa chivindikiro, ochokera m'botolo losatsegulidwa kale, pakuti botolo limene lakhala chotsegula m'buti chaka chonse lidamwa kale madzi ake.

Pali nthawi imene kutsuka sikuthandiza, ndipo pamenepo chigamulo chiyenera kukhala chosanyengerera. Pisitoni ikatulutsidwa nipukutidwa, munthu ayendetse chikhadabo pamwamba pake. Chikakodwa pa timaenje m'chigawo chimene chimadutsa pa sili, pisitoniyo yatha, chifukwa timaenjeto tidzadula sili yatsopano ndipo mafuta adzayamba kudontha. Kuikwecha ndi sandipepala wokhakhala kumangochotsa chikuto chake chonyezimira chimene chimaiteteza, ndipo dzimbiri limabweranso mofulumira koposa poyamba. Thupi la kalipa likadali labwino, pisitoni yatsopano ndi malabala ake n'zokwanira, ndipo n'zotsika mtengo koposa kalipa yathunthu. Koma ngalande ya sili ikadyeka, kapena mazinga a kanipo akaphwasuka, kalipa yonse ichoke. Wogula ya kaunjika, yochotsedwa ku galimoto ina, asaiike asanaitsegule, popeza nayonso idachokera kumene idachokera yakeyo. Ndipo chimene chachitidwa kumanzere chichitidwenso kumanja, kuti mawilo awiriwo azigwira mofanana.

Chilipo chizolowezi chimodzi chimene sindingachitchule ndi mawu ofatsa. Kalipa ikajama kapena ikayamba kudontha, ena amapana paipi yake ndi pulayala, kapena kuiphwanya ndi nyundo, kapena kutsekamo kamsomali, kuti mafuta asafikenso ku gudumu limenelo, galimoto nipitiriza ulendo ndi mabuleki atatu. Munthu amene wachita zimenezi pakati pa thengo usiku, kuti akwawe pang'onopang'ono kufikira pamalo pamene pali anthu, ndingamumvetse. Koma amene m'mawa mwake amaimika galimoto yomweyo pa siteji, nakweza amayi obereka ana kumbuyo, ophunzira ndi okalamba, amene alipira ndalama zawo pokhulupirira kuti galimoto ili bwino, wachita choipa chachikulu pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Mabuleki akutsogolo ndiwo amanyamula gawo lalikulu la ntchito yoimitsa, ndipo galimoto imene gudumu limodzi lakutsogolo silikugwira, ikapondedwa mwadzidzidzi, imatembenukira mbali imene ikugwira, kaya kumeneko kuli phompho kaya kuli lole imene ikubwera. Mwini minibasi amene amauza dalaivala wake kuti ayambe wapeza ndalama ya tsikulo, zokonza zidzaoneka Loweruka, ali ndi gawo lake m'mlandu umenewu, ngakhale iye atakhala kunyumba.

Ndikudziwa yankho limene ambiri ali nalo, ndipo sindilipeputsa. Adzati ndalama yavuta, masipeya akwera mtengo chifukwa amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowa, ndipo munthu amene akulimbana ndi lendi, fizi ndi thumba la feteleza sangamawononge ndalama pa chinthu chimene sichinafe. Indedi umphawi ndi weniweni. Koma pa nkhani iyi kuwerengera kwake kuli mbali ya wosauka, pakuti chofunika pachiyambi ndi botolo la mafuta, kachubu ka girizi, timalabala ndi thukuta la mmisiri wa kwathu konkuno, limene silifuna ndalama zakunja. Pamene wozengereza adzagula mapadi kawiri kapena katatu, adzagula disiki imene yapsa nipindika, pena ndi bering'i imene girizi wake wasungunuka ndi moto, kuwonjezera pa petulo amene wakhala akuwotcha tsiku lililonse pokoka gudumu lopanidwa. Wolemera angathe kupirira kuwononga kotereku. Wosauka ndiye sayenera kukulola.

Ena amatsamira pa chikalata cha COF, nati galimoto idapimidwa ndipo idakhoza. Kupima kumeneko n'kofunika, ndipo ndikadakonda kuti kuzichitika mosamalitsa paliponse. Koma woyesa amaona galimoto tsiku limodzi, ili yozizira, ndipo si ntchito yake kumasula mapini kapena kusuzumira kuseri kwa labala. Zimene iye sangaone zatsalira mwini. Galimoto yongofika kumene kuchokera kunja itsegulidwe makalipa ndi kusinthidwa mafuta a mabuleki isanayende ulendo wake woyamba wa kumudzi, popeza palibe amene akudziwa zaka za mafuta amene idabwera nawo. Imene ili kale pamsewu ionedwe mapini nthawi iliyonse posintha mapadi, ndiponso mvula ikangotha, matope asanaumirire. Mwini apemphe kuti mapadi akale amuonetse onse anayi ali pamodzi, pakuti kutha kwawo kudzamuuza ngati pali chouma. Ndipo gudumu likabwezedwa, asanatuluke pachipata cha galaja, aponde buleki kangapo kufikira ilimbe, chifukwa pisitoni imene yabwezedwa m'kati imafuna kupopedwa kuti ifikenso pa padi, ndipo kuponda koyamba kumapita pansi popanda kugwira. Akatero akaiyese pamsewu wopanda anthu, pa liwiro lochepa, aone ngati ikuima mowongoka, asanakweze munthu aliyense.